Njerwa zimene zimadziwa malo ake: mafunso ndi mayankho pa mamolekyu odzisanja okha

Mwana akakwanitsa milungu 6, mayi amamubereka kupita naye kusikelo, kaya ku Kapata m'tauni ya Chipata, kaya ku Mwami kufupi ndi malire. Namwino amagwedeza kabotolo, kukoka timadzi totuwira tosadzaza n'kasipuni komwe, n'kubaya pantchafu. Mwana amalira pang'ono, mayi n'kumutonthoza ndi bere. M'timadzi timeneto muli timipira mabiliyoni ambirimbiri, tozungulira, tofanana kukula, timene palibe dzanja kapena makina amene anatiumba kamodzikamodzi. Tinadzisanja tokha. Ine ndikuona kuti mwa njira zonse zopangira zinthu zazing'ono kwambiri, njira imeneyi ndiyo yatifika kale pakhomo ife a Kum'mawa kwa Zambia, ndiponso ndiyo imene dziko losalemera ngati lathu lingaiphunzire popanda kuyamba lagula makina a ndalama zosasimbika. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene munthu woganiza bwino angafunse asanavomereze zimenezi.

Kodi tikamati "nano" tikunena zazing'ono motani?

Yang'anani pa rula ya mwana wasukulu. Timizere ting'onoting'ono tija ndi mamilimita. Mukagawa milimita imodzi m'magawo 1,000,000, gawo limodzi ndiye nanomita. Tsitsi limodzi la munthu n'lonenepa mananomita pafupifupi 80,000, selo lofiira la magazi pafupifupi 7,000, kachilombo ka HIV kupitirira pang'ono 100. Timipira ta m'katemera uja, toteteza ku matenda a chiwindi a hepatitis B, ndi mananomita 22 okha. Chikhadabo chanu chimakula pafupifupi nanomita imodzi pa sekondi iliyonse, moti pamene mwawerenga chiganizo chino chatalika mananomita angapo inu osadziwa. Akatswiri akamanena za zinthu za nano, kawirikawiri amanena zimene zili pakati pa nanomita 1 ndi 100, zazikulu kuposa atomu koma zosaoneka ngakhale pa maikulosikopu wamba amene amaunikira malungo kuchipatala.

Bwanji osangozipanga ndi makina monga timapangira zinthu zina?

Anthu anayesa, ndipo zina zinatheka. Njira yoyamba ndi yosema. Wosema mtondo amatenga thunthu la mtengo n'kumachotsa zosafunika mpaka mtondo utaoneka. Umu ndi mmene amapangira ma chip a m'foni ndi m'kompyuta: amawalitsa kuwala pa kachidutswa ka silicon n'kukokolola malo osafunika. Ntchito yake ndi yogometsa, koma makina otsogola kwambiri ochitira zimenezi amapangidwa ndi kampani imodzi yokha, ASML ya ku Netherlands, ndipo amodzi amaposa madola 150 miliyoni. Mayiko amene ali ndi mafakitale otero ndi owerengeka ndi zala.

Njira yachiwiri ndi yoika kanthu kalikonse pamalo pake, ngati mmisiri woyala njerwa. Mu 1989, Don Eigler ndi mnzake ku kampani ya IBM anakankha maatomu 35 a xenon imodziimodzi mpaka analemba dzina la kampaniyo. Zinawatengera pafupifupi tsiku lathunthu. Tsopano tiyeni tiwerengere. Kampira kamodzi ka katemera kali ndi mapuloteni pafupifupi 100. Titayerekeza kuti m'jekeseni imodzi muli timipira biliyoni imodzi yokha, ngakhale kuti timaposa pamenepo kutalitali, ndipo makina akuika puloteni imodzi pa sekondi usana ndi usiku, mwana mmodzi angadikire katemera wake zaka zoposa 3,000. Apa ndiye pagona nkhani. Kanthu kakachepa, kamafunika kambiri kuti kagwire ntchito, ndipo kakachuluka choncho palibe dzanja limene lingakwanitse kukayala. Pafunika njira yoti tonse timangike nthawi imodzi, aliyense wa mamolekyuwo akupeza malo ake.

Koma chinthu chopanda maso ndi nzeru chingapeze bwanji malo ake?

Yankho lili m'beseni lotsukira mbale. Molekyu ya sopo ili ngati mbululu: ili ndi mutu ndi mchira. Mutu umagwirizana ndi madzi, mchira sugwirizana nawo, umakonda mafuta. Mukasungunula sopo wokwanira, michira imabisala pamodzi pakati, mitu n'kuyang'ana kunja kumene kuli madzi, ndipo pamapangika kampira ka mamolekyu makumi angapo, kotambalala mananomita ochepa chabe. Saladi wotsalira m'mbale ya ndiwo amalowa pakati pa timipirato pamene pali michira, madzi n'kutenga zonse pamodzi. Munthu aliyense wotsuka mbale ku Mchini kapena ku Magazine muno m'Chipata amapanga zinthu za nano tsiku ndi tsiku. Pali mafuta ena okhala ndi michira iwiri, ndipo amenewa akakhala m'madzi amayalana mizere iwiri, michira ikuyang'anizana m'kati, n'kupanga kachikopa ka mananomita pafupifupi 5. Kachikopa kameneka ndi kamene kamakuta selo lililonse la thupi lanu. M'zaka za m'ma 1960, Alec Bangham wa ku Babraham, kufupi ndi Cambridge, anaona kuti mafuta oterewa akagwedezedwa m'madzi amadzitseka okha n'kukhala timatumba, ndipo lero timatumba timeneto timanyamula mankhwala m'thupi.

Chimene chimayendetsa mamolekyu kuti akumane ndi kutentha. Madzi ooneka odekha m'kapu sali phee ayi. Mamolekyu ake akuthamanga ndi kugundana osapuma, ndipo chilichonse chaching'ono chimene chili m'menemo chimakankhidwira uku ndi uku. Robert Brown anaona kunjenjemera kumeneku mu 1827 pamene ankayang'ana tizidutswa tochokera mu mungu wa maluwa tili m'madzi. Ganizirani mayi akupeta mphale. Satola gaga mmodzimmodzi. Amangogwedeza lichero mwaluso, gaga n'kumapita kutsogolo, mphale n'kumabwerera kwa iye, chifukwa ziwirizi n'zosiyana kulemera ndi kaumbidwe. Kutentha ndiye dzanja logwedeza lichero la mamolekyu, ndipo siligona.

Chinthu chimene ambiri amachiphonya, chomwe kwa ine ndicho mtima wa nkhani yonseyi, n'chakuti mamolekyu odzisanja amagwirana mofooka. Poyamba zimaoneka ngati chilema. Koma taganizani: molekyu ikakhala pamalo olakwika, imagwira ndi chala chimodzi kapena ziwiri, ndipo kugwedezeka kuja kumaichotsa. Ikafika pamalo oyenera, pamene bampu lake likulowa m'dzenje la inzake ndipo mbali yake yothawa madzi yakumana ndi inzake yothawanso madzi, imagwira ndi zala zambiri nthawi imodzi ndipo sichokanso. Luzi limodzi mumalidula ndi manja, koma mukapota ambiri limamanga denga. Zikanakhala kuti mamolekyu amamatirira kolimba pa chilichonse chimene akhudza koyamba, bwenzi tikupeza chibuluma chopanda maonekedwe. Kufooka kwa kagwiridwe ndiko kumapatsa chomangidwacho mpata wokonza zolakwika zake chisanakhazikike.

Zimenezi sizikutsutsana ndi zomwe timaona? Njerwa zikasiyidwa pabwalo sizidzuka zitasanduka nyumba.

Kutsutsa kumeneku n'kolondola ndipo sitiyenera kukupeputsa. Pali lamulo lodziwika la sayansi lonena kuti zinthu zikasiyidwa pazokha zimanka zibalalika. Utsi subwerera m'nkhuni, mchere wosungunuka m'ndiwo sudzitolera pambali. Kudzisanja kwa mamolekyu sikuswa lamulo limeneli, koma kuti muone zimenezi muyenera kuwerengera zonse zimene zili m'beseni, osati sopo yekha. Mchira wa mafuta ukakhala poyera m'madzi, mamolekyu a madzi oyandikana nawo amapanikizika, satha kutembenuka momasuka monga anzawo. Michira ija ikabisala pamodzi, madzi onse amene anali opanikizikawo amamasuka. Sopo wakhaladi mu dongosolo, koma madzi, amene ndi ochuluka kuposa sopoyo, abalalika kuposa kale. Mukaphatikiza, kubalalika kwawonjezeka monga lamulo likunenera. Nthawi zina malipiro ake amakhala kutentha kumene kumatuluka mamolekyu akagwirana, n'kukabalalika kunja.

Nanga njerwa zija? Njerwa ndi yolemera, kutentha sikungaisunthe, ndiponso mbali zake zonse n'zofanana, palibe chouza inzake kuti "khala apa". Kwa kanthu ka mananomita 10, kulemera sikuwerengedwa n'komwe. Chimene chimalamula ndi nkhope yake: pati pali bampu, pati pali dzenje, pati pakukoka, pati pakukankha. Choncho tisanene kuti pulani palibe. Pulani ilipo, koma m'malo molembedwa papepala la foromani, yalembedwa m'maonekedwe a njerwa iliyonse. Mmisiri sanathe ntchito. Ntchito yake yasamuka kuchoka pakhoma kupita pa chikombole, ndiponso pa kusamala mchere, kutentha ndi kuwawasa kwa madzi amene njerwazo zikumanemo.

Pali umboni wotani woti pulani ili m'njerwamo?

Umboni wooneka bwino unachokera ku fodya, mbewu imene alimi a ku Chipata, Chadiza ndi Lundazi akuidziwa kuyambira kalekale. Pali matenda amene amachititsa tsamba la fodya kukhala la mawangamawanga, pena pobiriwira kwambiri pena potuwa, n'kukwinyika. Kachilombo koyambitsa matendawa kali ngati kandodo ka mananomita 300 m'litali ndi 18 m'mimba mwake. M'kati muli ulusi umodzi wa RNA, ndipo kunja kwake mwazungulira mapuloteni ofanana pafupifupi 2,130, osanjikizana ngati masitepe ozungulira. Mu 1955, ku Berkeley m'dziko la America, Heinz Fraenkel-Conrat ndi Robley Williams anaphwasula kachilomboka, mapuloteni paokha, RNA payokha. Kenako anaziphatikizanso m'botolo mmene munalibe selo lamoyo. Tindodo tija tinamangikanso, ndipo titapakidwa pa tsamba tinadwalitsa fodya. Palibe china chimene chinali m'botolomo choti n'kutsogolera ntchitoyo kupatula zidutswa zomwezo.

Anthu atamvetsa zimenezi anayamba kuumba njerwa zawozawo. DNA ndi yabwino pa ntchito imeneyi chifukwa malamulo a zilembo zake n'ngosavuta: A amagwirana ndi T, C amagwirana ndi G. Nadrian Seeman anayamba kuganiza zomangira zinthu ndi DNA kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mu 2006, Paul Rothemund wa ku Caltech anatenga ulusi umodzi wautali wa zilembo pafupifupi 7,000, n'kulemba pa kompyuta timaulusi tifupitifupi toposa 200, kalikonse kogwira malo awiri kapena atatu a ulusi wautaliwo n'kuwakokera pamodzi. Anazisakaniza m'madzi a mchere, kutenthetsa, n'kuzisiya zizizire pang'onopang'ono. Zinatuluka nyenyezi, timabokosi ndi nkhope zomwetulira za mananomita pafupifupi 100, zochuluka zedi pa nthawi imodzi. Taonani zipangizo zake: botolo, madzi, mchere, chotenthetsera. Chodula pa ntchitoyi chinali nzeru yolembera timaulusi tija.

Tibwerere kusikelo. Zikugwirizana bwanji ndi katemera?

Chitetezo cha m'thupi chimachita chidwi ndi maonekedwe. Puloteni imodzi ikamayandama yokha m'magazi, nthawi zambiri asilikali a m'thupi saisamala kwenikweni. Koma ikabwera yambiri, yosanjika mobwerezabwereza pa kampira kofanana kukula ndi kachilombo, thupi limadzidzimuka n'kupanga chitetezo champhamvu, chifukwa umo ndi mmene tizilombo toopsa timaonekera. Kachilombo ka hepatitis B kali ndi puloteni ya pachikopa chake imene ili ndi khalidwe lapadera: ikapangidwa yokha, popanda china chilichonse cha kachilomboko, imadzisanja pamodzi ndi mafuta pang'ono n'kukhala kampira kopanda kanthu m'kati. Akatswiri anaika malangizo opangira puloteniyi mu yisiti, yemwe uja wofufumitsira buledi, ndipo mu 1986 katemera wopangidwa motere anavomerezedwa ku America. Ndiye amene ali m'jekeseni ija yoteteza ku matenda asanu, ya pa milungu 6, 10 ndi 14. Kampirako ndi chikhokhombe chabe, ngati chikoko cha nshawa chopanda njere. Sikangaberekane, sikangadwalitse munthu hepatitis.

Ena anaganiza kuti ngati kampiraka kamadzimanga kokha, bwanji osakaveka chovala cha mdani wina? Mu 1987, akatswiri a kampani imene lero ndi GSK, mogwirizana ndi a Walter Reed Army Institute of Research, analumikiza chidutswa cha puloteni ya kachilombo ka malungo ku puloteni ija ya hepatitis B. Chidutswacho n'chochokera pachikopa cha kachilombo ka malungo pa msinkhu umene udzudzu umakalavulira m'thupi, kasanafike kuchiwindi. Zotsatira zake ndi katemera wa RTS,S. Anayesedwa m'mayiko 7 a mu Africa kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo Lilongwe anali amodzi mwa malo oyeserawo. Pa 23 Epulo 2019, Malawi anakhala dziko loyamba kuyamba kumupereka kudzera m'zipatala za boma, Ghana ndi Kenya n'kutsatira. Boma la Mchinji, tsidya lina la Mwami kumene ambiri a kuno ali ndi achibale, linali m'gulu la maboma 11 oyambirira. Bungwe la WHO linavomereza katemerayu mu Okutobala 2021, ndipo kafukufuku wa m'mayiko atatuwo anapeza kuti imfa za ana a msinkhu wolandira katemera zinatsika ndi 13 pa 100 alionse.

Katemera wachiwiri, R21, wa ku yunivesite ya Oxford, akusonyeza bwino zimene ndikutanthauza ponena za chikombole. Mu RTS,S, kuti kampira kamangike bwino, pa puloteni imodzi yovala chidutswa cha malungo pamafunika zina zinayi zosavala. Anthu a ku Oxford anapeza njira yoti kampira kamangike ndi mapuloteni ovala okhaokha, choncho nkhope yake yonse ikuonetsa chizindikiro cha malungo ndipo pamafunika mankhwala ochepa pa jekeseni imodzi. WHO inamuvomereza mu Okutobala 2023. Amapangidwa ndi Serum Institute of India ku Pune, pa mtengo wosafika madola 4, pamene RTS,S anayamba pa mayuro oposa 9. Ngakhale mankhwala othandizira amene amasakanizidwa ndi R21, otchedwa Matrix-M, ndi timipira todzisanja tokha, topangidwa ndi madzi a khungwa la mtengo wa ku Chile umene umachita thovu ngati sopo.

Katemera wa HPV, amene Zambia inayamba kupereka kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019 pofuna kuteteza khansa ya khomo la chiberekero, ali m'banja lomweli. Mu 1991, Ian Frazer ndi Jian Zhou ku Brisbane anaonetsa kuti mapuloteni a chikoko cha kachilomboka angadzisanje okha. Puloteni imodzi, yobwerezedwa ka 360, imasonkhana zisanuzisanu m'magulu 72 n'kutseka kampira ka mananomita oposa pang'ono 50. Khansa imeneyi yalanda amayi ambiri m'Zambia ndi m'Malawi, mayiko amene ali m'gulu la okhudzidwa kwambiri padziko lonse, ndipo chimene chikuima pakati pa mtsikana wa ku Katete ndi matendawa ndi kachikoko kopanda kanthu kamene kanadzimanga kokha m'thanki.

Anthu ena amaopa kuti "nano" ndi timakina tobisika m'jekeseni. Nanga chinthu chodzimanga chokha sichingapitirize kumangika m'thupi?

Mantha amenewa anamveka kwambiri pa nthawi ya COVID-19, ndipo wofunsa sayenera kusekedwa, chifukwa munthu ali ndi ufulu wodziwa chimene chikulowa m'thupi la mwana wake. Mawu oti "nano" amangonena za kukula, monga mmene "kilo" amanenera za kulemera. Timipira ta m'katemera ndi mapuloteni ndi mafuta, mtundu wa zinthu zimene thupi limagaya tsiku lililonse. Mulibe batire, mulibe waya, mulibe chotumizira uthenga. Ndipo kudzisanja n'kosiyana ndi kuberekana. Njerwa zikatha, kumanga kwatha. Kampira kakatseka, palibenso malo oti china chigwirepo, ndipo mulibe malangizo opangira njerwa zatsopano.

Komabe sindingakhale woona mtima nditanena kuti kudzisanja n'kwabwino nthawi zonse. Mabanja ambiri kuno akudziwa ululu wa matenda a sickle cell. Gwero lake ndi kusintha kwa malo amodzi okha mwa malo 146 pa tcheni cha puloteni yonyamula mpweya m'magazi. Kusinthako kumaika kachigamba kothawa madzi panja pa puloteniyo, ndipo mpweya ukachepa mapuloteni amagwirana pa kachigambako n'kupanga timitengo titalititali timene timapinda selo kukhala ngati chikwakwa. Selo lopindikalo limatseka timitsempha, mwana n'kumalira ndi mafupa usiku wonse. Lamulo lake ndi lomwe lija la sopo, koma apa likuvulaza. Pa chifukwa chimenechi chinthu chilichonse chatsopano cha mtunduwu chiyenera kuyesedwa pachokha, mosathamanga, osati kuvomerezedwa kapena kukanidwa chifukwa cha dzina.

Kudziwa kudzisanja kumathandizanso kukusokoneza pamene kukutipweteka. Kachilombo ka HIV kamasunga malangizo ake m'kachikoko kodzimanga ndi mapuloteni oposa 1,000. Mankhwala a lenacapavir amalowa pa mfundo pamene mapuloteniwo amakumanirana, n'kuchititsa kuti kachikoko kamangike molakwika ndiponso kasatseguke pa nthawi yake. Pa kafukufuku wa mu 2024 ku South Africa ndi Uganda, mwa atsikana ndi amayi oposa 2,000 amene ankabayidwa mankhwalawa kawiri pachaka, panalibe amene anatenga kachilomboka pa nthawi imene zotsatira zinalengezedwa.

Kodi njira imeneyi ili ndi malire otani?

Ili nawo, ndipo ena ndi aakulu. Imachita bwino pa zinthu zobwerezabwereza: timipira, timachubu, mizere yofanana. Chip cha foni chili ndi tizigawo mabiliyoni tolumikizidwa mosiyanasiyana, ndipo pamenepo kusema kukadali patsogolo. Komanso pa timipira tochuluka chonchi sipalephera tina topunduka, n'chifukwa chake gawo lalikulu la ntchito ya m'fakitale ndi kusefa ndi kuyeza. Katemera wa malungo nayenso satseka khomo lonse. Pa kuyesa kwakukulu kuja, RTS,S anachepetsa kudwala malungo ndi pafupifupi 36 pa 100 pa zaka zinayi mwa ana olandira majekeseni anayi, choncho neti ndi kuthamangira kuchipatala mwana akatentha thupi zikadali pomwepo.

Malire amene akutikhudza kwambiri ndi aja a kagwiridwe kofooka. Chimene chagwirana mofooka chimaphwasukanso msanga. Katemera wotere amafuna kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kutentha kwa Okutobala m'chigwa cha Luangwa kungamuwononge, komanso kuzizira kopitirira mpaka kuuma ngati ayezi kumawononga katemera wa hepatitis B ndi wa HPV, chifukwa mankhwala a aluminiyamu amene timipira timakhalapo amaundana n'kukhala timibulu. Botolo lowonongeka motere limaoneka ngati labwinobwino. N'chifukwa chake azaumoyo amaphunzitsidwa kuligwedeza n'kuliimika pafupi ndi lina loumitsidwa dala, kuti aone ngati zam'kati zikukhazikika pansi msanga. Firiji ya sola pa kachipatala ka kumudzi, ndi munthu amene amalemba kutentha kwake m'mawa ndi madzulo, ndi gawo la sayansi imeneyi mofanana ndi anthu a ku Oxford aja.

Ndiye ife a ku Chipata tingachitepo chiyani, kupatula kulandira zopangidwa kwina?

Wina anganene kuti ndikulota, popeza ngakhale njirayi safuna makina a madola 150 miliyoni, imafunabe matanki osalowa kachilombo kalikonse, magetsi osazima, madzi oyeretsedwa kwambiri, zoyezera zodula ndi bungwe la boma lotha kutsimikiza kuti mankhwala ali bwino. Zonsezi n'zoona, ndipo ndi chifukwa chake Africa imapanga pafupifupi 1 pa 100 ya akatemera amene imagwiritsa ntchito. Sindikunena kuti mawa tidzuka tili ndi fakitale kuno ku Chipata. Ndikunena kuti mtunda wake ndi wotheka kuyenda. India anauyenda, ndipo kampani ya ku Pune ija lero imapanga akatemera ochuluka kuposa ina iliyonse padziko. African Union inadziikira cholinga choti pofika 2040 Africa izipanga 60 pa 100 ya akatemera ake. Mu 2021, WHO inakhazikitsa malo ophunzitsira kapangidwe ka katemera wa mRNA ku Afrigen mu mzinda wa Cape Town, ndipo katemera wa mtundu umenewo amanyamulidwa m'timatumba ta mafuta todzisanja tokha, zidzukulu za timatumba ta Bangham. Ku yunivesite ya Cape Town komweko, gulu la Ed Rybicki lakhala zaka zambiri likupanga timipira tofanana ndi tizilombo m'masamba a chomera cha m'banja la fodya. Chomeracho chimalimidwa m'nyumba zotsekedwa, si fodya wa m'munda wogulitsa pa msika, choncho mlimi asayembekezere msika watsopano kuchokera pamenepo. Koma zikusonyeza kuti chofunika choyamba ndi anthu odziwa mapuloteni, mafuta ndi madzi, ndipo anthu otere angachokere kusukulu ya Chizongwe kapena ya St Monica's n'kudutsa pa University of Zambia kapena Copperbelt University.

Poyambira pake sipafuna ndalama zambiri. Agnes Pockels, mayi wa ku Braunschweig ku Germany amene sanapeze mwayi wopita kuyunivesite, anaphunzira khalidwe la mafuta ndi sopo pamwamba pa madzi ali kukhitchini kwawo, ndipo mu 1891 zimene anapeza zinasindikizidwa m'magazini ya Nature mothandizidwa ndi Lord Rayleigh. Rayleigh yemweyo anali atayeza kale kuti mafuta a olive akayala pamadzi mpaka pomaliza, amatsala ochindikala mananomita 1.6, kutanthauza mzere umodzi wokha wa mamolekyu. Mphunzitsi wa sayansi angachite zomwezo m'kalasi. Atenge beseni lalikulu lotsukidwa bwino, adzaze madzi, adikire akhale bata, n'kuwaza ufa wa choko pamwamba. Ndi nsonga ya kawaya atole kadontho ka saladi kotambalala theka la milimita, akayeze pa rula, n'kukakhudzitsa pakati pa madziwo. Ufa umathawira m'mbali nthawi yomweyo, n'kusiya bwalo loyera la masentimita pafupifupi 20. Ana akagawa kuchuluka kwa kadontho kaja ndi kukula kwa bwalolo, yankho limafika pafupi ndi mananomita 2, ndipo amakhala atayeza molekyu ndi rula ya pulasitiki.